Duwa la ku Barberton

Ambiri a ife timadandaula kuti maluwa a m'munda wa sukulu amauma mvula ikangotha, ndipo chaka chinacho tiyenera kufesanso ena. Koma liripo duwa lina limene limakhala zaka zambiri pa tsinde lomwelo. Dzina lake ndi Gerbera, ndipo ena amalitcha duwa la ku Barberton.

Kwao kwa duwali ndi ku South Africa. M'chaka cha 1884 munthu wina wa ku Scotland, dzina lake Robert Jameson, analipeza pafupi ndi mudzi wa Barberton, kumene anthu anali kukumba golide. M'chaka cha 1889 akatswiri a zomera analilemba m'mabuku ao ndi dzina lakuti Gerbera jamesonii. Lakuthengo limakhala lofiira, koma lero alipo oyera, achikasu ndi ena otero. Abale ake ndi mpendadzuwa ndi chisoso. Mukaliyang'anitsitsa mudzaona kuti chimene timachiyesa duwa limodzi ndi gulu la timaluwa tambirimbiri.

Pofuna kubzala, sankhani malo owomba dzuwa la m'mawa ndi osadikha madzi. Sakanizani dothi ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino, ndipo muunde bedi lokwera. Njira yapafupi ndiyo kugawa tsinde lakale. Likumbeni ndi khasu, ndipo mulipatule ndi mpeni wakuthwa kuti chigawo chiri chonse chikhale ndi mizu ndi mphukira yake. Bzalani motalikirana phazi limodzi, ndiwo masentimita 30. Njere nazonso zimamera patapita masabata awiri kapena atatu, koma zikhale zatsopano, pakuti zokhalitsa sizimera.

Tsono mverani chinthu chachikulu koposa zonse. Pamene masamba akumana ndi mizu ndipo pali mtima wa duwali. Mtima umenewu ukhale pamwamba pang'ono pa dothi. Ife tinazolowera kubandira chimanga, ndipo dzanja limafuna kuchita chomwecho ndi mbewu iri yonse. Gerbera sabandira ai. Mukakwirira mtima wake, madzi a mvula ya Januwale ndi Febuluwale amakhala pomwepo, mtima umawola, masamba amafota, ndipo tsinde lonse limafa. Chifukwa chake m'chilimwe thirirani m'mawa, pa dothi osati pa masamba, ndipo musathirirenso kufikira dothi la pamwamba litauma.

Pothyola duwa musadule phesi pakati, chifukwa kachitsa kotsalako kamawola ndi kudwalitsa mtima. Gwirani phesi pansi penipeni, mulipotole ndi kulisolola. Masamba ouma muzichotsanso chomwecho. Pakapita zaka zitatu tsinde limathithikana ndipo maluwa amachepa. Imeneyo ndiyo nthawi yoligawanso.

Anzanga, tsinde limodzi losamalidwa bwino likhoza kudzaza bedi lonse. Wa Fomu I akabzala chaka chino, adzagawira ena mbande asanachoke pa sukulu pano.