Azakhali Akuyankha: Mapaketi a Mpira Atidyera Lendi

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala ku Leeds kuno ku Mangalande, ndipo ndimagwira ntchito ya usiku kosamalira okalamba. Mwezi wathawu nditati ndilipire lendi, khadi linakana. Poyang'ana mu akaunti ndinapeza kuti mapaundi 640 atuluka mwakachetechete m'masabata asanu, apa 8, apo 16, tsiku lina 40, onse kupita ku gemu ya mpira imene mwana wanga wa zaka 12 amasewera. Nditamupanikiza anaulula akulira kuti amagula mapaketi pofuna kupeza Mbappé, koma mpaka lero sanamupeze. Chondizunguza mutu n'chakuti ndalama zina zinatuluka cha m'ma 1 koloko usiku, pamene mwanayo amakhala ali mtulo, wamaso pakhomo ali bambo ake okha. Iwo akuti awa ndi masewera chabe, boma lisamalowerere za m'nyumba mwa anthu. Ine ndikuti boma liletse zinthuzi. Wolondola ndani?

Mayi wothedwa nzeru, Leeds

Mwana wanga,

Pukuta kaye misozi. Ukatha, ukawapatse moni akamwini angawo, uwafunse mwaulemu, utagwada ngati kumeneko mumagwadabe, kuti Azakhali akuti kodi Mbappé wa 1 koloko usikuyo anapezeka? Chifukwa ngati anapezeka, atibwereke kuno atithandize, Flames ikuvutika.

Ine za mapaketizi usandione ukalamba, ndimazidziwa kuchokera ku kaunjika. Ndinagulitsapo kaunjika zaka zisanu. Umapereka ndalama belo lili chimangire, sudziwa kuti mkati muli majekete a bwino kapena makatani ong'ambika ndi masokosi a mwendo umodzi. Mtima umagunda podula waya uja. Koma belo likakhala loipa chotani, umatolamo ndithu nsanza zogulitsa kwa opukuta magalimoto, ndipo mwini sitolo sakuimbira ng'oma pamene ukudula. Paketi ya mu gemu ndi belo lomwelo, kungoti alichotsera nsanza zija n'kuliwonjezera ng'oma.

Mdzukulu wanga wina anandionetsa mmene zimakhalira. Ukadina, chinsalu chimada kaye, kenako kuwala, utsi, chinyimbo. Kumatuluka mbendera ya dziko. Ikakhala ya France mwana waimirira kale pa mpando. Kumatuluka malo amene munthuyo amasewera, kenako chizindikiro cha timu, ndipo pomaliza nkhope: mnyamata wina amene ngakhale anthu a kwawo sakumudziwa. Mwana amakhala pansi, koma mumtima akuti ndinatsala pang'ono. Sanatsale pang'ono ayi. Kompyuta inasankha kale pamene ankadina, zinazo ndi gule wongomuvinira. Ndipo ona kuchenjera kwina: sagula paketi ndi mapaundi. Amayamba wagula mapointi, ndipo mapointiwo amagulitsidwa m'milu imene kawirikawiri siigwirizana ndi mtengo wa paketi, mwakuti pamatsala tchenji chosakwana kanthu chimene chimangokuitana kuti uwonjezere. Mwana wa zaka 12 akuona manambala a chikasu. Lendi sakuiona.

Kale ku America kunali mphunzitsi wina wa pa Harvard, B. F. Skinner, amene ankatsekera nkhunda m'bokosi kuti zizijompha kabatani, chakudya chizigwa. Anapeza kuti nkhunda imene imalandira mosadziwika nthawi, mwina ikajompha kawiri, mwina ka 50, ndi imene imajompha mosatopa, ndipo imachedwa kusiya ngakhale chakudya chitaleka kugwa. Makina a juga amayendera nzeru imeneyi. Sindikunena kuti akamwini ndi nkhunda. Ndikungonena kuti 1 koloko usiku nkhunda zinzawo zimakhala zitagona.

Tibwere ku mlandu wanu. Akamwini akuti boma lisalowerere. Uwauze asadandaule, boma la kumene mukukhalako linawamvera kale. Lamulo la juga la ku Britain, la 2005, limati kuti chinthu chitchedwe juga, chimene wapambanacho chikhale ndalama kapena chinthu cha mtengo wa ndalama. Poti Mbappé wa pa chinsalu kampani siikulola kuti ukamusinthe ndi mapaundi, bungwe loyang'anira juga limati izi si za m'manja mwake. Ndalama yolowa ndi yeniyeni, yotuluka palibe, ndiye akuti si juga. Ku bawo la pa msika wopambana amapita ndi kanthu m'thumba, apa ngakhale wopambana amapita chimanjamanja, ndipo chimenecho ndiye chawapulumutsa ku lamulo. Ndaseka mpaka chitenje kumasuka.

Mu June 2019 aphungu a ku London anaitana akuluakulu a makampani a magemu. Mayi wina wa ku EA, kampani ya gemu ya FIFA imene pano ikutchedwa EA Sports FC, dzina lake Kerry Hopkins, anawauza kuti iwo zinthuzi sazitcha mabokosi a mwayi, amazitcha "surprise mechanics", ndipo anaziyerekeza ndi timazira ta chokoleti ta Kinder tokhala ndi kachidole mkati. Inenso kuyambira lero kachasu ndizimutcha madzi odzidzimutsa. Mwana wake uti anadyapo mazira a chokoleti a mapaundi 640 mayi ake osamva fungo? Mu 2020 komiti ya nyumba ya ma Lords inanena poyera kuti izi zilowe pansi pa lamulo la juga. Mu July 2022 boma linayankha kuti ayi, makampaniwo adzikonze okha, ndipo chaka chotsatira bungwe lawo la Ukie linatulutsa mfundo 11 zodzilonjeza. Fisi wapatsidwa khola, walemba yekha malamulo a kadyedwe ka mbuzi. Ndipo mbuzi zake ndi zonenepa: m'chaka chake cha ndalama chothera mu March 2021, EA inapeza madola 1.62 biliyoni kuchokera ku gawo la Ultimate Team la magemu ake, kumene kumakhala mapaketiwa. Kwa zaka zambiri pa katoni ya gemu ya mpirayo pakhala pakulembedwa 3, kutanthauza kuti ngakhale mwana wa ku mkaka angasewere.

Apa ndiye ukumwetulira kuti Azakhali ali mbali yanga. Dikira, iwenso ndikukhudza.

Iwe ukuti boma liletse basi. Belgium inaletsa. Mu April 2018 bungwe lawo la juga linaunika magemu angapo n'kugamula kuti mabokosi ogula ndi ndalama a mu FIFA 18, Overwatch ndi Counter-Strike: Global Offensive ndi juga yopanda chilolezo. Nduna ya za chilungamo, Koen Geens, inachenjeza za chindapusa chofika mayuro 800,000 ndi ndende zaka zisanu, ndipo chilango chiwirikiza ngati pakhudzidwa ana. Makampani ena anachotsa msanga, EA inakokakoka mpaka January 2019 pamene inasiya kugulitsa mapointi m'dzikomo. Anthu anawomba m'manja. Koma mu 2022 wofufuza wina, Leon Xiao, anatenga magemu 100 a pa iPhone opanga ndalama zambiri ku Belgium komweko n'kuwatsegula limodzilimodzi. Mwa 100 aja, 82 anali akugulitsabe mabokosi ngati palibe chinachitika. Lamulo linalipo, woliyendera panalibe. Unaonapo chidole choopsezera mbalame m'munda wa mapira? Sabata yoyamba mpheta zimathawa, yachiwiri zimatera pa chipewa chake.

Ku Netherlands zinathera ku khoti. Boma linalamula kuti EA ilipire mpaka mayuro 10 miliyoni, koma mu March 2022 khoti lalikulu linafafaniza, likuti mapaketiwo ndi chigawo chabe cha gemu ya luso, si juga yoima payokha. Maloya anadya, ana anapitiriza kudina.

Ena anati tisaletse, tingowakakamiza kulemba poyera mwayi wopambana. China inayamba mu 2017, Apple inalamula zomwezo m'sitolo yake kumapeto kwa chaka chomwecho, South Korea inakhazikitsa lamulo lake mu March 2024. Ndi bwino ndithu, koma wolemba nambalayo ndani? Ku Korea komweko, mu January 2024, kampani ya Nexon inalipitsidwa ma won 11.6 biliyoni chifukwa inkatsitsa mobisa mwayi wa zinthu zina mu gemu ya MapleStory, zina mpaka pa ziro, anthu akugulabe ndi chiyembekezo. Komanso tinene zoona, nambala siiopsa munthu amene mtima wake wakwera kale. Ukamuuza mwana kuti mwayi sukufika ndi 1 pa 100 yomwe, iye amamva kuti mwayi ulipo. Kuno kwathu abambo a ndevu zawo akudziwa bwino lomwe kuti kandege ka kubetcha pa foni kamathawa, koma ndalama ya feteleza ikukwerabe.

Ndiye ukandifunsa ine, boma lilowerere, ndipo lilowerere pa khomo limene lingathe kulondera: msinkhu. Wamkulu amene akufuna kuwotcha malipiro ake pa zithunzi za anyamata a mpira, awotche, bola mtengo ulembedwe m'mapaundi enieni ndipo munthu wa boma azitsegula mabuku a kampani kuona ngati mwayi wolembedwawo ndi woona. Koma mwana amene saloledwa kulowa m'shopu ya kubetcha asagulitsidwe wachiona ndani ku chipinda chake chogona. Maiko ena ayamba kulowera komweko. Australia kuyambira September 2024 imaika magemu ogulitsa mabokosiwa m'gulu la M, losayenera ana osafika zaka 15, ngakhale kumeneko ndi kulangiza chabe, osati kutseka chitseko. Ku America, mu January 2025, eni ake a Genshin Impact anavomera kulipira madola 20 miliyoni ndi kusiya kugulitsa mabokosi kwa ana osafika zaka 16 popanda chilolezo cha makolo. Brazil mu 2025 inasaina lamulo loteteza ana pa intaneti limene likuletsa mabokosiwa m'magemu a ana. Ndipo usamve zoti gemu singakhale popanda iwo. Fortnite inasiya kugulitsa mabokosi osaoneka mkati mu 2019, ndipo sindinamve kuti eni ake akupempha mchere kwa aneba.

Choncho pa mlandu wa boma wapambana ndiwe. Kalembere phungu wa dera lako, kumeneko amayankha makalata, si ngati kwathu kuno kumene phungu timamuona pa maliro a mfumu basi.

Koma mwana wanga, khadi lija analowetsa mu makinawo ndani? Boma la Britain? Sunandiuze, koma ndikukuona. Linali tsiku la Khirisimasi, mwana akulira kuti gemu siikutseguka, iwe uli ndi tulo ta shifiti ya usiku, unalowetsa manambala n'kudina povomera kuti makina azilikumbukira. Unasiya nkhokwe chitsegukire, lero ukuitana boma lidzakugwirire mbewa. Boma limayenda ngati nalimata pa khoma lozizira. Pamene lamulo lidzatuluke mwana wakoyo adzakhala ndi ndevu.

Usiku uno, usanapite ku ntchito, chotsa khadi m'makinamo. Mwana akhale ndi akaunti yake ya mwana pansi pa yako, malire a ndalama uike pa ziro, pasiwedi ikhale m'mutu mwako, ndipo isakhale tsiku lako lobadwa chifukwa limenelo ngakhale akamwini amalikumbukira akafuna. Ukafuna kumusangalatsa pa tsiku lake lobadwa, mugulire kakhadi ka mphatso ka mapaundi 10, ikatha yatha. Lembera eni sitolo ya gemuyo uwauze kuti wogula anali mwana, nthawi zina amabweza. Koma usathamangire ku banki kukabweza ndalama mokakamiza usanalankhule nawo, chifukwa ambiri akaona zimenezo amatseka akaunti yonse, magemu amene munagula bwinobwino n'kupita nawo.

Mwanayo usamumenye. Anthu a masukulu awo, olipidwa bwino, anakhala pansi kukonza msampha umenewu, ndipo wagwira ndi bambo ake omwe. Mukhazike pa tebulo ndi pepala la ku banki, alembe yekha ndi dzanja lake: tsiku, ndalama, chimene anapeza. Awonkhetse yekha. Kenako umuuze kuti mapaundi amenewo ndi mausiku angati a iwe kutembenuza agogo a eni ake pa bedi. Ukamuona akubisa, akunama, kapena akukwiya kwambiri ukamulanda, usachite manyazi, kumeneko kuli bungwe la GamCare lothandiza pa mavuto a juga, ndipo kuimba foni yawo n'kwaulere.

Akamwiniwo pepala lawo likhale lapadera, la ndalama zotuluka pakati pa 12 koloko ndi mbandakucha. Usawayalutse pamaso pa mwana, anyani sasekana zikundu ndipo awiriwa asayambe kulozana. Uwadikire adye, akhute, ndiye uwaikire pepalalo pambali pa mbale yosambira m'manja. Poti iwo safuna boma m'nyumba, uwauze kuti wavomera, m'nyumba muno boma ndiwe, ndipo bajeti ya mwezi uno yadutsa kale: mashifiti owonjezera mpaka lendi ikwane. Akakana, ndipatse nambala ya ankhoswe, ndili ndi mayunitsi.

Ndipo za katundu uja unati unditumizira pa Khirisimasi, ndamva kuti mumangomata katoni n'kulemba kuti "za Azakhali". Chaka chatha ndinalipira ya mtengatenga yonse, n'kupezamo nsapato za saizi 4 ndi chipewa cha chisanu. Ulendo uno ujambule kaye zamkatimo unditumizire pa WhatsApp, ndione ndisanalipire.

Ndine,
Azakhali ako