CHIPERE: CHIFUKWA CHAKE CHIMABWERERA NDI MMENE CHINGACHIZIDWIRE

Mau oyamba

Ku Zandspruit, mudzi wa zisakasa umene uli kumpoto chakumadzulo kwa Johannesburg pafupi ndi Honeydew, kumakhala anthu ochokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo Amalawi. Ena mwa iwo amagwira ntchito yosamalira maluwa ndi mbewu. Kuthithikana kwa nyumba, kutentha kwa dzinja, kubwerekana zisa ndi matawulo, ndiponso kuvala jombo zamphira tsiku lonse zimathandiza chipere kufalikira. Mavuto omwewa amapezeka m'midzi ya alimi ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, choncho phunziroli likukhudza mlangizi aliyense.

Chimene chimayambitsa

Chipere chimayamba ndi tizilombo totchedwa fangasi, ta mtundu umodzi ndi chuku. Pakhungu pamatuluka banga lozungulira, loyabwa, lotukuka m'mbali. Kumutu tsitsi limathothoka, ndipo kumapazi khungu limasupuka pakati pa zala. Ku South Africa chipere cha kumutu kwa ana chimayamba kawirikawiri ndi Trichophyton violaceum, amene amachoka kwa munthu kupita kwa mnzake. Mtundu wina, Trichophyton verrucosum, umachokera kwa ng'ombe, makamaka matole amene ali ndi mabanga otuwa kuzungulira maso ndi m'khosi. Agalu ndi amphaka nawo amapatsira anthu.

Kuchiza

Chipere cha pathupi ndi kumapazi chimachizidwa ndi mankhwala opaka monga clotrimazole, kawiri pa tsiku kwa masabata 2 mpaka 4. Wodwala asaleke kupaka pamene kuyabwa kwangotha, pakuti tizilombo timakhala tisanafe. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene chipere chimabwererera.

Chipere cha kumutu sichimva mankhwala opaka, chifukwa tizilombo timalowa m'kati mwa tsitsi. Mwana ayenera kupita naye kuchipatala kuti akalandire mankhwala akumwa, monga fluconazole kapena griseofulvin, kwa masabata angapo. Mayi woyembekezera asamwe griseofulvin.

Chenjezo

Mafuta oyeretsa khungu ndi mankhwala ena ogulidwa m'misika amakhala ndi betamethasone kapena clobetasol. Amaletsa kuyabwa kwa masiku ochepa, koma chipere chimakula mobisika mpaka dokotala kuvutika kuchizindikira. Ku India, kumene mankhwala otere anagwiritsidwa ntchito mosasamala, kunafala mtundu wina umene nthawi zambiri sumva terbinafine. Mu 2020 unatchedwa Trichophyton indotineae, ndipo wafika kale m'maiko ena.

Si banga lililonse limene lili chipere. Banga loyererako limene silimva kukhudza likhoza kukhala khate. Chipere chofalikira thupi lonse, kapena chosatha patapita mwezi munthu akupaka mankhwala, chifunika kupimidwa kuchipatala, pamodzi ndi matenda a shuga ndi HIV.

Ntchito ya mlangizi

Mlangizi si dokotala, koma ndiye amafika pakhomo ndi kukhola. Akaona mwana wa chipere, afunse ngati ena m'banjamo ali nacho, ndipo ayang'anenso ziweto. Thole lodwala lipatulidwe ndi kuonetsedwa kwa mlangizi wa ziweto, ndipo woligwira asambe m'manja ndi sopo. Ometa atsuke makina awo asanamete munthu wina. Antchito a m'minda aumitse mapazi akasamba, asinthe sokosi tsiku ndi tsiku, ndi kuyanika jombo padzuwa. Kuchiza munthu mmodzi n'kusiya kumene chipere chinachokera kumangotayitsa ndalama za mankhwala.