Musanagule thilela, yambani mwawerenga manambala a galimoto yanu

Ambirife kuno ku Joni tikangogula bakkie, maganizo amathamangira ku thilela yonyamulira katundu wopita kumudzi. Koma chimene galimoto yanu ingathe kukoka musachimvere kwa wogulitsa thilela. Chinalembedwa kale pa kachitsulo kamene kamakhala pamphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti, komanso m'buku la galimotoyo.

Manambala ofunika ndi atatu. Tare ndi kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. GVM ndi malire a kulemera kwake ikadzaza. GCM ndi malire a galimoto ndi thilela pamodzi.

Tiyeni tiyerekeze kuti bakkie yanu ili ndi Tare 1,900 kg, GVM 2,900 kg ndi GCM 5,000 kg.

Choyamba, chotsani Tare pa GVM. Mwatsala ndi 1,000 kg, koma si ya katundu yekha ayi. Anthu anayi tinene 300 kg, kanope 70 kg, dizilo 70 kg, ndipo mutu wa thilela ukupsinja kumbuyo ndi 80 kg. Malo a katundu atsala a 480 kg basi, osakwana matumba 10 a simenti.

Chachiwiri, chotsani GVM pa GCM. Yankho ndi 2,100 kg, kuphatikiza thilelayo ndi zonse zili m'menemo.

Chachitatu, funsani lamulo. Ku South Africa thilela ya mabuleki ogwira okha galimoto ikamaima, GVM yake isapose Tare ya galimoto yokoka. Choncho malire anu atsika kufika 1,900 kg. Thilela payokha ikalemera 500 kg, katundu ndi 1,400 kg. Yopanda mabuleki isapose 750 kg, ndiponso isapose theka la Tare. Nambala yaing'ono pa onsewa ndiyo yoitsata.

Onaninso laisensi yanu. Code B imalola thilela ya GVM yosaposa 750 kg. Yoposa apo imafuna Code EB.

Ulendo wodzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka Mwanza ndi wautali. Galimoto yolemedwa imachedwa kuima, matayala amatentha n'kuphulika, ndipo pangozi a inshuwalansi angathe kukana kulipira. M'galimotomo muli anthu amene ana awo akudikira kumudzi.

Tsono lembani manambala anu papepala, mupite nalo kogula. Mukapakira, kayezetseni pa sikelo musanalowe mu N1. Paja safunsa anadya phula.