Kusiya Mowa Kumafuna Anzako

Omvera athu a m'chigwa cha Domasi, kuyambira ku Songani mpaka ku Malosa, amene watsimikiza zosiya kachasu asalimbane nazo yekha. Chilakolako chimabwera madzulo, ntchito itatha, anzake akale akumukodola pamsika. Pa nthawi imeneyo, womuletsa weniweni ndi mnzake amene anadutsamo, wodziwa kunjenjemera kwa manja m'mawa ndi manyazi a ngongole ya kwa mayi wotcheza. Gulu la Alcoholics Anonymous linayamba chonchi mu 1935 ku America: anthu awiri omwa mowa mwauchidakwa, Bill Wilson ndi Bob Smith, ankalimbikitsana kuti asamwe, ndipo lero misonkhano yotere ili m'mayiko ambiri.

Wina anganene kuti kumudzi kulibe magulu otere. Funsani kaye mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, anamwino a pa chipatala cha Domasi, abusa kapena a shehe. Mukapanda kupeza, anthu atatu akhoza kuyamba, kumakumana sabata iliyonse, zokambidwazo n'kumathera pomwepo. Wina amaopa kuti anthu amuseka. Komatu mudzi wonse unamuona kale akudzandira. Kumuona akufuna thandizo sikungamuchotsere ulemu.

Chenjezo ndi ili: amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi akhoza kukomoka kapena kusokonezeka mutu, ndipo izi zimapha. Ayambe waonana ndi achipatala, amene angathe kumutumiza ku Zomba Mental Hospital ngati pakufunika kutero. Abale, muperekezeni.