Za Galimoto Yanu: Makalata a ku Rumphi

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mhuju. Akuti Probox yawo ikagwa m'dzenje imangonjanjanjanja osakhazikika msanga.

MAKANIKO: Mashoko atha amenewo, bambo. Suzumirani kuseri kwa tayala, mupeza shoko itanyowa ndi oyilo. Musinthe awiri nthawi imodzi, yakumanzere ndi yakumanja. Komanso mabelo a fodya muziyezako, Probox si lole.

WOULUTSA: Mayi wina wa ku Phwezi akuti matayala a Sienta yawo akutha mbali ya mkati yokha.

MAKANIKO: Alayimenti imeneyo, amama. Pitani nayo ku Mzuzu akaiike pa makina musanagule matayala ena. Tiyeni nayo ina.

WOULUTSA: Iyi ndi ya mnyamata wa ku Bolero. Ali ndi Subaru Impreza, ndipo achimwene ake a ku Johannesburg amutumizira ma coilover. Akufuna kumanga yekha pakhomo Loweruka lino, galimoto aitsitse iziwoneka bwino. Akuti jeke ndi masipanala ali nazo.

MAKANIKO: Eee, mwana wanga, khalani pansi timvane. Omvera ena sadziwa chinthuchi. Coilover ndi shoko yobwera kale ndi sipuling'i yake, ndipo thupi lake lili ndi mazinga ngati a bawuti, ndiye mukapotokola mphete zake galimoto imakwera kapena kutsika. Kumanga pakhomo n'kotheka, sindikukanizani. Koma mwalemba kuti muli ndi jeke ndi masipanala, basi. Apa ndiye pandikhudza.

Ndimanena sabata ndi sabata: jeke ntchito yake n'kunyamula galimoto, osati kuigwiririra inu muli pansi pake. Gulani kapena bwerekani masitandi achitsulo. Njerwa ayi. Njerwa imaphwanyika mosachenjeza, makamaka mukamalimbana ndi bawuti yadzimbiri galimoto n'kumagwedezeka. Ndipo pabwalo la dothi jeke imamira pang'onopang'ono inu osaona. Pezani pa simenti posatsetsereka, mutsekere matayala otsalawo, tayala lomwe mwachotsa mulilowetse pansi pa galimoto. Ndinaonapo mnyamata wina, wodziwa ntchito yake ndithu, akukoka sipanala ndi paipi galimoto ili pa jeke ya m'buti. Jeke inapendekeka, galimoto inakhalira diski ya buleki pansi, mwendo wake unapulumuka chifukwa cha tayala lomwe mnzake anaponya pansipo mwamwayi. Anthu amaseka ndikamanena zimenezi, koma Subaru yanuyo ndi yolemera kuposa tani imodzi.

China choopsa ndi shoko yakaleyo. Pamwamba pake pali manati atatu ang'onoang'ono ozungulira, ndi imodzi yaikulu pakati. Masulani atatuwo okha. Yapakatiyo ndiyo yagwira sipuling'i yopanikizidwa, ndipo mukaimasula popanda chopanikizira sipuling'i, imafwamphuka ndi mphamvu yoti n'kukugululani mano. Zomanga sipuling'i ndi zingwe za mphira kapena waya, zimene ndimaziwona m'magalaja ena, musayerekeze.

Pansi pali mabawuti awiri aakulu. Kutsogolo kwa Subaru, yapamwambayo ndi imene imapendeketsa tayala, choncho ilembeni chizindikiro musanamasule. Paipi ya buleki ndi waya wa ABS muzimasule pa shoko yakale, muzimangirire bwino pa yatsopano, kenaka mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto uku ndi uku muone ngati sizikukokeka. Pomanga gwiritsani sipanala yoyeza mphamvu, osati kudumphira pa paipi. Mukaitsitsa galimoto pansi, yezani kuchokera pakati pa tayala kufika pa mudigadi, kumanzere ndi kumanja zifanane, ndipo mphete zija muzimange zolimba. Muyendeko masiku angapo, muyezenso, ndiye mukapangitse alayimenti. Mukaidumpha imeneyi mudzalemba kalata ngati ya amama a ku Phwezi aja.

Tsono za kutsitsazo. Achimwene anuwo amayenda pa phula la Johannesburg. Inu muli ku Bolero. Mukapita kumaliro ku Hewe, kapena mukanyamula alendo kulowera ku Thazima mpaka ku Chelinda, sampu ya injini muidutsitsa bwanji pa miyala ija? Msewu wa Gorodi, wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia, uli ndi makona okwana 20, ndipo galimoto yotsitsidwa ndi masentimita 5 imakanda mimba musanafike ndi pakati pomwe. Ngakhale pa M1, zigamba ndi maenje a ku Chiweta komwe kumadutsa malole a malasha sizisankha kuti iyi ndi Subaru. Sipuling'i za ma coilover ambiri ndi zolimba, zopangira misewu yosalala, ndiye nkhonya yonse ya dzenje imathera m'mabushi, m'marimu ndi msana wanu. Ine ndikadakhala inu ndikadaisiya pafupi ndi msinkhu wa kufakitale. Pakaninso girizi woletsa dzimbiri pa mazinga aja ndipo muzitsukapo, chifukwa fumbi la Okutobala likasakanikirana ndi matope a Januwale mphetezo zimauma, osapotokokanso.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, koma pali ina yaifupi ya ku Katowo: kodi shoko yotha angaithiremo oyilo wina?

MAKANIKO: Ayi, adada. Itayeni imeneyo.