Banja Likasowa Mphatso ya Mwana

M'midzi ya ku Machinga ndi ku Balaka, banja likatha zaka ziwiri popanda mwana, chala chimaloza mkazi. Abale a mwamuna amanong'ona kuti ndi chumba, ankhoswe amayamba kuitanizana, ndipo ulendo woyamba umakhala wa kwa sing'anga. Koma kuti mimba ikhale, pafunika zinthu zinayi: dzira la mkazi likhwime, mbewu za mwamuna zikhale zambiri ndi zamphamvu, njira yokumanirana ikhale yotseguka, ndipo chiberekero chilandire. Dzira limatuluka kamodzi pamwezi, masiku pafupifupi 14 mkazi asanasambe, n'kulowa m'kachubu kopita ku chiberekero. M'kachubumo ndimo limakumana ndi mbewu. Chimodzi mwa zinayizi chikasokonekera, mimba sikhala, ndipo pa mabanja osowa ana, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna. Si gojo yekha amene sabereka. Bambo amatha kukwanitsa za m'nyumba bwinobwino, koma umuna wake uli ndi mbewu zochepa kapena zofooka. N'chifukwa chake njira iliyonse yopezera mwana iyenera kuyamba ndi kuyezetsa, ndipo ayezetse onse awiri.

Kuno kwathu chimene chimavuta kwambiri ndi kutsekeka kwa machubu. Chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana akapanda kuchizidwa bwino amasiya zipsera m'kati, monganso kuchotsa mimba mobisa. Palinso likodzo, limene ambiri amaliona ngati matenda a ana okodza magazi basi. Amayi amene amachapa ndi kusamba m'nyanja ya Chilwa, ya Chiuta ndi mu mtsinje wa Shire, kapena kuponda madzi a m'minda ya mpunga, amalowedwa tizilombo timene mazira ake amakakhala m'chiberekero ndi m'machubu. Asodzi nawonso likodzo limawafika m'njira za umuna. Mankhwala a praziquantel amapha tizilomboto, koma chipsera chakale sichimafufutika msanga. Madokotala amati banja likatha chaka chathunthu likugonana popanda kulera mimba osabwera, lipite kuchipatala. Poyambira ndi chipatala cha Machinga ku Liwonde kapena cha Balaka, ndipo zikakula amatumiza ku Zomba Central kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Bungwe la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vutoli pa moyo wake.

Chithandizo chimatsata chimene chapezeka. Ngati dzira silikhwima, mayi amapatsidwa mapiritsi olikhwimitsa. Ngati mbewu zili zochepa pang'ono, adokotala amasankha zamphamvu n'kuziika m'chiberekero ndi kachubu kakang'ono pa tsiku limene dzira likutuluka. Ngati machubu onse awiri atsekeka, pali njira yotchedwa IVF: amatenga mazira a mayi, n'kuwakumanitsa ndi mbewu za bambo m'kambale ku labotale, ndipo pakapita masiku atatu kapena asanu amabwezera kamluza m'chiberekero. Mlatho ukagumuka, anthu amaoloka pa bwato. IVF imangolambalala machubuwo, koma mwana amakulira m'mimba mwa mayi ake ngati mwana wina aliyense. Woyamba kubadwa motere anali Louise Brown, ku England mu 1978. Tinene mosabisa kuti njirayi ndi yodula, siigwira nthawi zonse, ndipo mwayi umachepa mayi akapitirira zaka 35.

Njira yomaliza ndi ya mayi woberekera mnzake. Iyi imafunika pamene mkazi alibe chiberekero, kapena pamene mimba ingamuphe. Kamluza kopangidwa ndi dzira lake ndi mbewu za mwamuna wake kamaikidwa mwa mayi wina, amene amasenza mimbayo, n'kupereka mwana akabadwa. Wina anena kuti izi si zachilendo, makolo ankachita kale: mwamuna akalephera ankalowetsa fisi usiku, mkazi akalephera ankapereka mng'ono wake. N'zoona kuti cholinga n'chimodzi, koma kachitidwe kakusiyana kwambiri. Fisi amagona ndi mkaziyo, motero amatha kusiya HIV m'banjamo. Nthawi zambiri mkazi amangouzidwa, safunsidwa. Ndipo ngati machubu ake ndi otsekeka, fisi abwera usiku khumi popanda chochitika. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa miyambo yoika moyo ndi ulemu wa munthu pachiswe. Njira ya kuchipatala ilibe kugonana, ndipo magazi amayezedwa kaye. Komabe nayo ili ndi minga. Mwana akabadwa wolumala amutenga ndani? Mayi wosauka sangalole chifukwa cha njala chabe? Ku South Africa, kumene abale athu ambiri a m'maboma awiriwa amagwira ntchito, lamulo la ana la 2005 limafuna kuti khoti lalikulu livomereze pangano mimba isanaikidwe, woberekerayo akhale ndi mwana wake wamoyo, ndipo asalipidwe ngati malonda.

Ena amati mwana amapereka ndi Mulungu, munthu asalowererepo. Zipembedzo zimasiyanadi pankhaniyi. Mashehe ambiri a Chisuni amalola IVF ngati dzira ndi mbewu zili za mwamuna ndi mkazi okwatirana, koma amakana woberekera ndi mbewu za munthu wina. Mpingo wa Katolika umakana IVF ndi woberekera yemwe. Koma palibe chimodzi mwa zipembedzozi chimene chimaletsa kuyezetsa umuna, kuchiza likodzo kapena kumwa mapiritsi okhwimitsa dzira. Enanso amati mlimi wa nandolo ku Balaka sangakwanitse ulendo wokafuna IVF kapena woberekera ku Johannesburg kapena ku India, ndiye kuphunzira izi n'kutaya nthawi. Ulendowo ndi wa ochepa ndithu. Koma mbuzi ndi nkhuku zimene banja limapereka kwa asing'anga zaka zisanu zimaposa mtengo wa minibasi yopita ku Liwonde kapena ku Zomba, ndipo zaka zisanuzo ndi zimene mazira a mkazi akuchepa, machubu akupitirira kuwonongeka, pamene bambo sanapereke umuna wake kuti uyezedwe ngakhale kamodzi.