Ampulifaya ilowe pomaliza, ituluke koyamba: uthenga kwa ma DJ a ku Mchinji

Anthu akangogulitsa mtedza, soya ndi fodya, kuno ku Mchinji zinkhoswe ndi maukwati zimachita kutsatizana. Loweruka lililonse masipika amagunda ku Kamwendo, ku Mkanda, ku Kapiri mpaka kuchipata cha Mwami. Achinyamata ambiri mwagula zida, ena ku Lilongwe, ena ku Chipata, ndipo zikukudyetsani. Koma dziwani kuti sipika imatha kufa nyimbo isanayambe n'komwe, m'kamphindi kaja koyatsa kapena kozimitsa.

Mawu amayenda ngati madzi m'ngalande. Amachokera mu laputopu, foni kapena maikolofoni, kulowa mu mikisa, kudutsa mu ikwalaiza ngati muli nayo, kufika mu ampulifaya, kenako m'masipika. Ampulifaya sisankha. Chilichonse chimene chafika pakhomo pake imachikuza. Tsono mikisa ikamayaka kapena kuzima imatulutsa kamphamvu kadzidzidzi. Ampulifaya ikakhala yoyaka kale imakakuza kamphamvuko, ndiye mumamva "phu!" uja wodzidzimutsa ana. Yang'anani chipepala cha sipika yaikulu nthawi imeneyo, muona chikudumphira kutsogolo ngati chamenyedwa chibakera. Twita, kasipika ka mawu osongoka, kali ndi waya wowonda ngati tsitsi, ndipo ndi kamene kamayamba kupsa. Mawa mudzangomva nyimbo zikulira ngati zili m'mbiya.

Pamsonkhano mlendo wolemekezeka amafika onse atakhala pansi, ndipo amanyamuka ena asanaimirire. Ampulifaya muitenge chimodzimodzi.

Poyatsa

Lumikizani mawaya onse zida zili zozima. Tsitsani voliyumu ya ampulifaya ndi masitala ya pa mikisa mpaka pansi. Yatsani laputopu, kenako mikisa ndi ikwalaiza. Werengani mpaka 10, ndiye muyatse ampulifaya. Ngati muli nazo ziwiri kapena zitatu, yatsani imodziimodzi, chifukwa poyaka iliyonse imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi, ndipo zikayakira pamodzi zingagwetse bureka kapena kutsamwitsa jenereta. Masipika okhala ndi ampulifaya m'kati mwake nawonso ayake pomaliza. Voliyumu ikwere pang'onopang'ono, nyimbo ikulira kale.

Pozimitsa

Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Perekaniperekani watha, mwatopa, wagalimoto akuliza hutala, ndiye mungozula pulagi yaikulu zonse zizimire pamodzi. Musatero. Tsitsani voliyumu, zimitsani ampulifaya, dikirani theka la mphindi. M'kati mwake muli makapasita amene amasunga mphamvu kwa kanthawi, moti ngakhale nyale yazima imatha kukuzabe phokoso. Kenako zimitsani mikisa, laputopu pomaliza, ndipo mawaya muzule zonse zitazima.

Magetsi akathima mwadzidzidzi

Magetsi a ESCOM, monganso a ZESCO kutsidya kwa malire, ndi a mavoti 230, choncho chida chogula ku Chipata chimagwira bwino kuno. Koma akathima pakati pa mwambo, musayambe ndi kupepesa alendo. Thamangirani ku ampulifaya mukaizimitse. Mukaisiya, magetsi pobwera zida zonse zidzayakira pamodzi, ndipo nthawi zina amabwera akuphethira kapena ali ndi mphamvu yopyola muyezo. Kachida koteteza, konga kamene anthu amaika pa filiji, kamathandiza chifukwa kamadikira kaye kasanalole magetsi kudutsa. Onetsetsani kuti n'kokwanira kunyamula zida zanu.

Jenereta

Kumidzi yambiri ntchito ndi ya jenereta, ndipo jenereta ili ndi mwambo wake. Ilizeni isanalumikizidwe ku chilichonse, ilire mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka mawu ake akhazikike. Mukatero lumikizani, n'kuyatsa zida mwa dongosolo lija. Pomaliza zida zizime kaye, jenereta pambuyo.

Tcherani khutu. Petulo akamatha, jenereta imayamba kulira mokweza ndi motsitsa, ndipo magetsi ake amachita chimodzimodzi. Musadikire kuti ife yokha. Pemphani a MC alengeze kupuma pang'ono, zimitsani zida, zimitsani jenereta, izizire, ndiye muthire mafuta. Kuthira petulo injini ili yotentha kapena ikulira ndi kuitana moto. Ikhale panja, kutali ndi mazenera ndi tenti, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Tijenereta tating'ono tosakwana mawati 1,000 tija n'toyatsira mababu ndi wailesi, si tonyamula masipika a mabesi. Ndipo amene akufuna kulumikiza ketulo kapena filiji ya zakumwa pa jenereta yanu, mukanizeni mwaulemu, angakhale ankhoswe.

Mawaya ndi mapulagi

Pulagi yathu ya mano atatu ili ndi fuzi yosapitirira maampu 13, kutanthauza mawati pafupifupi 3,000. Musapachike zida zonse pa adaputala imodzi yotchipa. Dzino lalitali lija ndi la efi, lotayira magetsi osochera pansi. Amene amalithyola, kapena kulowetsa mawaya osenda mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, ndi amene maikolofoni yawo imagwira a MC pamlomo. Zikatero zimitsani zonse, muitane wamagetsi wovomerezeka ndi MERA. Waya wokulunga pa gudumu mutambasule wonse, chifukwa wokulungidwa amatentha.

Kuyambira Novembala mvula ikayamba, ikani malo onse olumikizira mawaya pamwamba, pa benchi kapena pa njerwa, osati paudzu. Mphezi zikayamba kung'anima chakumapiri a Mchinji, zimitsani mwa dongosolo lomwelo, ampulifaya poyamba, ndipo muzule pulagi kukhoma.